Dzanja Limene Ndinakweza Nditatsinzina

Ikani kaye mafoniwo pansi, ana inu. Iwe Takondwa ndikukuona, waibisa pansi pa lichero ngati kuti ine ndachita khungu. Maso afooka, inde, koma kuwala kwa foni ndimakuona ndithu. Manja aziswa mtedzawo, makutu mundipatse ine.

Ndamva kuti Loweruka kusukulu kuli chisankho cha komiti yatsopano, ndipo amayi anu a Rozina akufuna kupikisana nawo. Akuti masiku ano mumalemba dzina pakapepala n'kuponya m'katoni. Zili bwino. Ine ndinakhala m'komiti ya sukulu imeneyo zaka zambiri, ndipo kumeneko ndinachita chinthu chimodzi chimene sindinauze amayi anu, ngakhale malemu agogo anu aakazi anapita osachidziwa. Ndinalakwira mnzanga wapamtima pamodzi ndi mwana wake. Lero ndikuuzani, pakuti chakhala chikundilemera nthawi yaitali.

Inu munabadwira kuno ku Mchinji, mumayenda ngati eni nthaka. Ine ndine wobwera. Ndinachoka ku Phalombe ndili ndi ndevu zitatu zokha, pa lole ya esiteti ya fodya imene inkabwera kudzatenga matenanti. Tinayenda masiku awiri titakhalira makasu ndi mphasa, fumbi mpaka m'mano. Amayi anga anandimangira kalongonda m'kansalu, nyemba zathu zija zimene mumakana inu mukati zikununkha. Simudziwa kanthu. Kalongonda wophikidwa bwino, madzi ake atatayidwa kangapo, ndimamulota mpaka lero.

Pa esiteti ndinagwira zaka zinayi: kuthirira nazale, kuokera, kuthyola, kusoka fodya m'chigafa mpaka zala kuda bii ndi phula lake. Kenaka ndinaona agogo anu a Nabanda akugulitsa zitumbuwa pa Kamwendo tsiku la msika. Ndinagula zitumbuwa masabata asanu otsatizana, ine amene sindikonda nthochi, mpaka iwo anandifunsa ngati kwathu kuli njala. Basi, ndinalowa chikamwini m'mudzi muno. Mukudziwa mkamwini, inu? Munda ndi wa akazi ako, ana ndi a malume awo, iwe chako ndi khasu ndi chipewa. Ndiye ine ndinali mkamwini, wochokeranso kutali, woyankhula mwina. Aliyense ndinkamuitana kuti achimwene monga timachitira kwathu, mpaka dzina langa lenileni linatayika. Mudzi wonse unkangoti Achimwene.

Sukulu yanu ija ya midadada yambiri, ya magetsi a dzuwa, inayambira m'chigafa chakale cha fodya chimene a mpingo anapempha. Denga la udzu, makoma palibe. Belu linali chitsulo cha gudumu la thirakitala chopachikidwa pamtengo wa mango, ndipo chikalira, agalu a midzi itatu ankayankha. Ana ankalemba pansi ndi chala. Mphunzitsi akafuna kuona ntchito ankayendayenda mosamala kuti asaponde masamu a mwana. Iwe Mphatso umalira cholembera chikatha inki. Amayi ako cholembera chawo chinali chala, ndipo sichinathepo.

Titaganiza zomanga mdadada wa njerwa, mudzi uliwonse unapatsidwa tsiku lake loumba. Panali midzi isanu ya kuno, ndi umodzi wa kutsidya kwa dambo. Kutsidyako ndi ku Zambia. Musaganize za geti ndi asilikali ngati ku boda yaikulu ija. Malire athu ndi kachipilala ka simenti pakati pa dambo, pamene mbuzi zimadzikandapo. Anthu a kumeneko ndi a kuno amakwatirana, amaikana maliro, amabwerekana ng'ombe. Sukulu ya kwawo inali kutali, mwana akanyamuka m'mawa ankafika dzuwa lili paliwombo, ndiye ana awo ankabwera kwathu. Palibe amene ankaona chachilendo.

Pa dzenje loumbira njerwa ndi pamene ndinakumana ndi Fanuelo Mbewe wa kutsidya. Munthu wamfupi, wa miyendo ya matewe, woseka ndi thupi lonse. Tinagwirizana pa chikombole chimodzi, chija cha matabwa chotulutsa njerwa ziwiri. Iye kuponda dothi, ine kunyamula. Tsiku loyamba lomwelo anandiyang'ana nati, "Achimwene, inu ndi ine ndife alendo pano. Manje tiyeni tiwaumbire njerwa zowongoka, asadzanene kuti alendo anapotoza sukulu." Ndinaseka mpaka chikombole kugwa. Kuyambira pamenepo, tsiku la mudzi wake ine ndinalipo, tsiku la mudzi wathu iye analipo. Uvuni tinaotcha limodzi. Mwana wanga woyamba atamwalira, Fanuelo ndi amene anakhoma kabokosi. Ndikanena kuti anali m'bale wanga sindikuwonjezera.

Mdadada utatha, makolo anasankha komiti ya anthu asanu ndi anayi, ndipo tonse awiri tinalowamo. Ntchito ya komiti nthawi imeneyo inali ya manja ndi miyendo. Denga likasasuka ndife. Zimbudzi zikadzadza ndife. Mphunzitsi watsopano akabwera, tinkakamutenga ndi ngolo pa msewu waukulu, iye pamwamba pa katundu wake ngati mkwatibwi, n'kumufolera nyumba, akazi n'kumuzirira pansi. Mwana akajomba sabata yathunthu, awiri a ife tinkapita kukakhala pakhonde pa makolo ake osachoka mpaka atulutse mwanayo kumunda wa fodya. Panalibe malipiro ayi. Tinkangomwa thobwa la akazi a ahedi.

Tsono mverani za kavotedwe kathu, pakuti nkhani yagona pamenepo. Nkhani ikavuta, titakangana mpaka mawu kutha, ahedi, a Nkhoma, ankaimirira n'kunena kuti, "Tiweramitse mitu, titsinzine." Tonse tinkawerama ngati tikupemphera. Ndiye ankati, "Amene akufuna chakuti, akweze dzanja." Iwo okha ndi amene ankayang'ana n'kuwerenga manja, osavota. Tinkatero chifukwa ndife anthu omwera chitsime chimodzi. Ukatsutsa mnzako iye akuona, mawa mukumana kuchigayo, nkhope ziuma. Ukatsinzina, chigamulo n'cha komiti, si cha munthu. Ndipo kusuzumira chinali chinthu chochititsa manyazi kwambiri, chimodzimodzi kusuzumira kubafa. Kunali mkulu wina, a Kalonga, amene akatsinzina ankagoneratu. Tsiku lina tikuvota za malo a chimbudzi tinangomva mkonono. Ahedi anati, "Amenewa tiwawerenge kuti akana."

Masiku amenewo ndimawasowa, ana inu. Sukulu inali yaing'ono, mwana aliyense tinkamudziwa dzina, mayi ake, ndi chimene anadya dzulo.

Kenaka boma linalengeza kuti sukulu ya pulayimale ndi yaulere. Tinavina. Koma tsiku lotsegulira, ana anatuluka m'midzi ndi m'maesiteti ngati inswa mvula itagwa. Ena aakulu oti ndevu zayamba, ena oti akuyamwa chala. Zipinda zinali zinayi. Pansi pa mtengo uliwonse panakhala kalasi, ndipo mvula ikabwera sukulu inkathera pomwepo. Amayi anu a Rozina anali Sitandade 6. Ankaphunzira ataima panja, mutu uli pawindo, kope atatsamiritsa kukhoma. Buku limodzi ankaliwerenga ana a benchi yonse ndi a pansi omwe, ena akuliona chadodolido.

Fanuelo anali ndi mwana wamkazi, Esinati. Eya, omwewo azakhali anu a Esinati amene amabwera kuno chaka ndi chaka ndi nkhuku m'manja. Nthawi imeneyo anali Sitandade 7, ndipo m'sukulu monse munalibe mutu ngati umenewo. Ankafuna unamwino. Dambo likadzadza m'dzinja ankagona kwathu sabata zingapo, mphasa imodzi ndi amayi anu, akuwaphunzitsa masamu ogawa ndi njere za chimanga. Kunali kutangotsala chaka chimodzi kuti alembe mayeso a Sitandade 8.

Tsiku lina kunabwera mlangizi wa zamaphunziro wa kuzoni pa njinga yamoto, atavala chisoti ngati mphika. Anazungulira, anaona ana pansi pa mitengo, anatsegula kaundula. Sanali munthu woipa. Anatiuza mofatsa kuti mabuku ndi aphunzitsi amatumizidwa poganizira ana a dziko lino, ndipo za ana a kutsidya iye sangalamule kanthu. "Sukuluyi ndi yanu a komiti," anatero. "Muone nokha ngati mungawasunge."

Mawu amenewo anayenda m'midzi msanga. Anthu omwe ankapondera dothi limodzi anayamba kunena kuti ana athu akuima panja pamene alendo akhala pa benchi. Ena ankati njerwa za m'makomawo zina zinaumbidwa ndi manja a kutsidya, kodi tizigumule? Mkangano unafika mpaka kutchalitchi. Ahedi anaitanitsa komiti kuti Lachisanu tidzagamule.

Lachinayi ndikupalira m'munda, kunabwera alamu anga a Chikuse, mlongo wawo wa agogo anu, mwini mbumba. Sanakhale pansi. Anaima pamzere akuyang'ana chimanga.

"Chimangachi chakula bwino, alamu," anatero. "Nthaka ya amayi athu imabereka."

Ndinavomera.

"Mawa kuli nkhani kusukulu. Anthu akuti obwera amakonderana okhaokha. Ine ndawauza kuti ayi, alamu anga amadziwa kumene ana awo amadyera. Rozina akuphunzira ataima ngati nkhuku yonyowa. Kaya inu mukuona bwanji."

Anapita. Khasu linandilemera. Ine amene ndinabwera pa lole ndi mphasa imodzi, ndikanachotsedwa m'mudzi muno ndikanapita kuti? Ndinkaopa, ana inu, ndinene poyera. Ndipo pansi pa manthawo panali kamtima kena kakuti mwina ana a kutsidya akachoka, Rozina wanga adzapeza pokhala.

Lachisanu Fanuelo anandipeza panjira, tinayendera limodzi. Sanandipemphe kanthu. Ankangondiuza za ng'ombe yake imene inathyola khola. Pamsonkhano anayankhula mwachidule. Anati, "Ine sindidziwa za mapepala. Ndidziwa kuti ana awa anabadwira kuseri kwa kachipilala osafunsidwa. Ngati malo achepa, tiumbenso njerwa. Mudzi wathu udzatenga masiku awiri m'malo mwa limodzi." Ena anayankha kuti njerwa sizibala aphunzitsi. Tinakangana mpaka mithunzi kutembenuka. Ine ndinkangoseweretsa chipewa.

Ahedi anaimirira. "Tiweramitse mitu, titsinzine."

Ndinatsinzina.

"Amene akufuna kuti ana a kutsidya apitirize kuphunzira pano, akweze dzanja."

Ndinamva malaya a Fanuelo akundikhudza m'mbali, dzanja lake likukwera. Langa linali pabondo. Ndinaliuza kuti likwere, koma linakhala pomwepo.

"Tsitsani. Amene akufuna kuti achoke."

Pamenepo linakwera. Silinafike pamwamba, linathera cha pakhutu. Koma ahedi analiwerenga.

"Tsegulani maso. Ofuna kuti akhale, anayi. Ofuna kuti achoke, asanu."

Dzanja limodzi, ana inu. Likanakwera koyamba kuja, asanu akanakhala a mbali inayo. A Nkhoma anandiyang'ana kamodzi kokha n'kuyamba kutseka buku lawo. Sananene kanthu tsiku limenelo, ngakhale pambuyo pake mpaka anasamutsidwa.

Fanuelo anaimirira, anavula chipewa. Anathokoza komiti, n'kupempha chinthu chimodzi, kuti anawo amalize teremu. Tinavomera mofulumira, aliyense akuyang'ana pansi. Pobwerera anandigwira paphewa nati, "Musadandaule, Achimwene. Zachitika."

Esinati anayesa sukulu ya kwawo. Anakakhala kwa achibale kufupi nayo, koma maphunziro a uko ndi a kuno ndi osiyana, ndiye anamubweza m'mbuyo makalasi awiri, msungwana wamkulu pakati pa tiana. Achibalewo anamusandutsa wotunga madzi ndi wolera ana. Chaka chisanathe anabwerera kumudzi. Posakhalitsa anakwatiwa. Amayi anu anapeza malo pa benchi, anakhoza mayeso, anapita kusekondale. Mukamadya buledi wa malipiro awo muzidziwa kuti benchi ija inali ndi mwini wake.

Tsono onani mmene anthu tilili. M'miyezi yotsatira, a komiti anzanga anayamba kupita kwa Fanuelo mmodzimmodzi. Wina pamaliro, wina kumsika, aliyense kumunong'oneza kuti, "Ine ndinali mbali yanu, a Mbewe." Onse asanu ndi awiri, ngakhale a Kalonga ogona aja. Fanuelo anadzandiuza akuseka mpaka misozi. "Achimwene, manja anali anayi, limodzi langa. Otsala atatu. Manje anthu asanu ndi awiri akuti anali awo. Kapena ena anakweza miyendo?" Ine ndinaseka nawo, mano okha. Sindinamuuze kuti ndinali mbali yake, sindinamuuzenso kuti sindinali. Ndipo iye sanandifunse.

Anapitiriza kubwera kwathu monga kale. Ankabwera ndi chinangwa, nthawi zina shuga wa kwawo, n'kukhala pakhonde pomwe mwakhala inupo. Koma ine ndinasintha. Ndikamuona akutulukira pa dambo, miyendo ya matewe ija, ndinkasakasaka pobisala. Nthawi zina ndinkazembera kudimba n'kuuza agogo anu kuti anene kuti ndachoka. Kwawo ndinkapita kamodzi pa mwezi, kenaka kamodzi pa chaka, kenaka pamaliro pokha. Agogo anu ankandikalipira. "Kodi munthuyu anakulakwirani chiyani?" Ndinkati ntchito yachuluka. Ndinkalakalaka kucheza naye, koma kukoma mtima kwake kunkandiwotcha.

Sukulu inakula ndithu. Kunabwera midadada ina, nyumba za aphunzitsi za malata, mjigo, phala la ana. Makomiti anachuluka, ya sukulu, ya makolo ndi aphunzitsi, ya amayi oyang'anira atsikana, moti masiku ano sindidziwa amene amafolera denga likasasuka. Kutsidya nakonso anadzamanga sukulu yawo pafupi, koma Esinati anali kale ndi ana atatu. Ine ndinatuluka m'komiti mawondo atayamba kukana. Ndikadutsa pa mdadada wakale uja, umene pano amasungiramo nkhuni za phala, ndimaima pang'ono. Makoma ake akadali owongoka.

Fanuelo anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, nthawi yokolola. Atadwala anatumiza uthenga kawiri kuti Achimwene abwere. Ndinati ndipita mawa, ndimalize kaye kukumba mtedza. Chimene ndinkaopa si mtedza kuola. Ndinkaopa kuti munthu ali pafupi kufa adzandithokoza, ine n'kulephera kupirira. Mawa lija ndinapita kukanyamula bokosi.

Mwezi wathawu azakhali anu a Esinati anabwera monga amachitira. Inu munali kusukulu. Anakhala pamkeka apo, tsitsi layamba imvi, manja okhakhala ndi khasu, manja amene akanagwira jekeseni. Anandifunsa za mawondo, anandisendera nzimbe poti mano anatha. Ndinaona kuti ndikapanda kunena tsopano, ndidzapita nazo kumanda.

"Mwana wanga," ndinatero, "tsiku lija la komiti, dzanja lachisanu limene linakuchotsa sukulu linali langa."

Sanadzidzimuke. Anapitiriza kusenda nzimbe, n'kuika kachidutswa m'mbale.

"Ndikudziwa, ababa," anatero.

"Wakuuza ndani? A Nkhoma?"

"Atate. Tsiku lomwelo, atangofika kunyumba. Anati sanathe kupirira, anatsegula diso limodzi. Anati m'moyo mwawo monse sanasuzumirepo, koma tsiku limenelo inali nkhani ya mwana wawo."

Ndinakhala ngati ndamenyedwa ndi chibonga. Ndinafunsa kuti nanga bwanji sananene, zaka zonsezo.

"Anatiletsa tonse, ine ndi amayi. Anati, 'Achimwene ndi mkamwini, alibe poponda. Dzanja lawo ndaliona, linangothera pakhutu. Mukadzawauza kuti tikudziwa, adzachita manyazi, adzasiya kubwera kuno, ndipo ine ndidzakhala ndataya sukulu ndi m'bale yemwe.'" Anaika mpeni pansi. "Ine ndiye ndinakwiya nanu, ababa, sindinama. Zaka zambiri. Ndikaona anamwino kuchipatala atavala zoyera ndinkakumbuka inu. Kuno ndinkabwera chifukwa atate ankandituma. Pano ndimabwera ndekha."

Ndinalira, ana inu, pamaso pa mwana wamkazi, ine nkhalamba.

Ndiye onani. Fanuelo anakhala chete kuti ndisasiye kupita kwawo. Ine ndinasiya kupita kwawo poopa kuti angadziwe. Zaka zoposa makumi awiri, dambo lomweli loti munthu amaoloka fodya wa m'kamwa asanathe, ine kuno ndikubisala kudimba, iye pakhonde panga akudikira ndi chinangwa chake, akudziwa zonse. Tikanakhoza kukalamba limodzi.

Amayi anu ndiwauza ndekha madzulo ano, asanapite kukaima Loweruka, musandiyambirire. Mtedzawo wakwana, tengani malichero mukapete.

Iwe Takondwa, ukufunsa kuti ndikanakonda chiyani? Ndikanakonda Fanuelo akanandigwira pakhosi tsiku lomwelo panjira, n'kunditukwana mpaka mawu kutha. Bwenzi m'mawa mwake nditaoloka dambo kukapepesa, ndipo uthenga wake womaliza uja ukanandipeza nditakhala kale pambali pake.